Nthenga Zometedwa

MUTU 6

1. Pa tebulo la pawindo

Basi ya sukulu itamutsitsa pamlatho, Noreen Teed adayenda chozolika ngati masiku onse, mabuku atawakumbatira pachifuwa. Madzi a chisanu chosungunuka adali ataphwa mumtsinje wa Beaverkill. Pamwamba pa dziwe pankauluka tizilombo totuwa, tosaposa udzudzu kukula, ndipo nsomba za trauti zinkatilikwira mwakachetechete.

Kunyumba adapeza azakhali ake a Velma ali kale pa tebulo la pawindo. Iwowa ndiwo adamulera chimwalirireni mayi ake, popeza bambo ake ankayendetsa malole a maulendo ataliatali.

M'chigwa chonsecho, msodzi akangoti "nyambo ya a Velma" palibe ankafunsanso zambiri. Mayiyu ankapana kambedza m'chopanira, n'kutenga ulusi ndi nthenga za tambala, ndipo m'zala zake munkatuluka kachilombo koima pamadzi ngati kamoyo.

"Wafika? Kasambe m'manja," adatero azakhaliwo osatembenuka. "Mafuta a tchipisi cha kusukulu sindiwafuna pa nthenga zanga."

Noreen adasamba, n'kukhala pampando wake.

"Kunabwera a Harlan Sprague masana. Loweruka ali ndi alendo a ku kalabu ya asodzi, mabwana a mumzinda aja. Akufuna tinyambo totuwa madazeni awiri, pa timbedza ting'onoting'ono ta nambala 18. Ntchito yako imeneyo."

M'nyumbamo mudali chinsinsi. Kuyambira chaka chatha maso a azakhali a Velma adayamba kuchita nkhungu. Nyambo zikuluzikulu ankamangabe, zala zikuwatsogolera, koma timbedza ting'onoting'ono sankationanso. Amene ankatimanga adali Noreen, n'kutiika m'kabokosi ka dzina la azakhali ake. Kunja palibe ankadziwa.

"Tandikumbutsa. Nthenga timaiyeza ndi chiyani?"

"Ndi kukamwa kwa mbedza."

"Ukuuza nyerere kodi? Kweza mawu."

"Ndi kukamwa kwa mbedza, azakhali."

A Velma adaika pansi ulusi wawo, n'kutembenuzira mpando kwa iye.

"Tchera khutu, chifukwa sindidzakhalapo masiku onse. Nthenga ukaipinda, timinga take timaima. Kutalika kwa timingato kukhale kukamwa kwa mbedza kamodzi ndi theka, basi. Tikatalika, nyambo imagwera m'mbali ngati chidakwa. Tikafupika, mbedza imamira. Mchira ulingane ndi msana wa mbedza, mapiko chimodzimodzi. Yomangidwa bwino ukaiponya patebulo imaima pa nsonga za timinga ndi pa nsonga ya mchira, ngati mtsikana wovala nsapato zazitali.

"Tsono nachi chachikulu. Tsiku lina udzasowa nthenga ya msinkhu wake, ndipo sizasi iyi idzayamba kukunyengerera. Idzati, tenga yaikulu umange, ine ndimeta. Usadzaimvere. Nsonga imene tambala wameretsa yekha ndi yosongoka, yolimba, madzi amaithawa. Nsonga yometa ndi yobuntha, imamwa madzi ngati tsache lakale. Nsomba mwina ungaipusitse kamodzi. Koma pali msodzi amene amamanga nyambo yako kuchingwe osaiyang'ana n'komwe, chifukwa amakukhulupirira. Ameneyo ukamupusitsa kamodzi, wapitiratu. Nthenga ikasowa, umatsegula pakamwa n'kunena kuti yasowa. Safunsa adadya phula."

Noreen adagwedeza mutu.

"Kugwedeza mutu sindikuona, mwana iwe."

"Ndamva, azakhali."

"Umve ndithu. Anthu m'tauni muno akungodikira tsiku loti anene kuti maso a Velma atha. Likadzafika tsiku limenelo, pabwalo pano sipadzaimanso galimoto. Dzina langa lili m'zala zako."

2. Dazi

Nthenga zotuwa zidali pa chikopa chouma cha khosi la tambala, chimene ankasunga m'kabati pamodzi ndi mankhwala othamangitsa njenjete. Kumunsi kwa chikopacho kumakhala nthenga zazitali, zochuluka ngati udzu. Pokwera zimanka zichepa msinkhu, ndipo zing'onozing'ono zoyenera nambala 18 zimakhala pamwamba penipeni, pamalo oti chala chachikulu chikhoza kuphimba.

Lachitatu Noreen adamanga bwino. Ankazula kanthenga, kukapinda pafupi ndi mbedza, kukayang'ana pa kuwala kwa windo. Kakatalika ankakasunga pambali. Kakakwana ankakazunguliza kutsogolo ndi kumbuyo kwa mapiko mpaka timinga titaima ngati kolala.

Lachinayi adatulutsanso chikopa chija. Pamwamba padali dazi.

Sadadabwe kwenikweni. Chiyambireni kumanga tinyamboti, nthenga zing'onozing'ono zambiri zidamudukira m'manja. Iliyonse ikaduka ankaiponya m'mbaula mwakachetechete n'kuzula ina. Azakhali ake sankaona, iyenso sadanene.

Adapapasa m'mphepete mwa dazilo. Adapeza kamodzi kopindika, kenaka kena kodyedwa nsonga. Zotsatira zonse zidali za mbedza zazikulu. M'kabokosi mudali tinyambo tosakwana ndi theka lomwe.

Adatuluka kupita kukhola. Tambala wotuwa adamuyang'ana ndi diso limodzi. Noreen adamugwira, n'kupatula nthenga za m'khosi mwake. Zidali zanthete, magazi akadali m'tsinde. Zimenezo sizizulidwa.

Atabwerera adapeza azakhali ake akusenda mbatata, mpeni ukuyenda wokha.

"Zikuyenda?"

Mawu adafika pakhosi. Akanangoti nthenga zatha, azakhali akanafunsa kuti zapita kuti, akanakalipa, kenaka akanaona chochita. Noreen adayang'ana makoko a mbatata akugwera m'mbale.

"Zikuyenda, azakhali."

"Ndiye bwino. Ndinawauza a Sprague kuti adzapeza zonse zili tayale."

Noreen adavala jekete, n'kunena kuti akukabwereka buku kwa mnzake. M'tauni monse munthu wina wokhala ndi chikopa chotuwa adali mmodzi yekha, a Lyle Hotaling a kusitolo.

3. Kusitolo kwa a Hotaling

Njira yonse ankabwereza mawu mumtima. Bambo Hotaling, ndikupempha nthenga zotuwa zing'onozing'ono, tidzabweza tambala wathu akakhwima. Izi sizidali zachilendo. Omanga nyambo amabwerekana nthenga monga amayi abwerekana mchere.

Sitolo ya a Hotaling inkagulitsa petulo, buledi, mbedza ndi zipolopolo za mfuti zosakira. Kumbuyo kwake kudali mbaula, ndipo poizungulira pankakhala azibambo opanda kopita, makapu a khofi ali m'manja.

Belu la pachitseko lidalira. Mitu yonse idatembenuka.

"Taonani watilowera!" adafuula a Hotaling, bambo wamimba yaikulu ndi mawu omveka kutsidya. "Kambewa ka a Velma! Amuna inu, tsitsani mawu, mungakathawitse."

"Kamayankhula kameneka?" adafunsa wina.

"Kamayankhula Khrisimasi yokhayokha."

Noreen adafika pakauntala. Pansi pa galasi, pafupi ndi dzanja lake, padali chikopa chotuwa chatsopano. Pamwamba pake nthenga zing'onozing'ono zidali thithithi, palibe ndi imodzi yomwe yozulidwa.

"Mwana iwe," adatero a Orrin, mkulu wina wowonda amene kale ankagawa makalata, "azakhali ako ali bwanji? Lamulungu ndinawapatsa moni pakhomo la tchalitchi, iwo n'kuyankha chipilala."

"Anasankha bwino," adatero a Hotaling. "Chipilalacho chili ndi nkhope yabwino kuposa iwe, Orrin. Ndipo sichinunkha fodya."

Kuseka kudadzaza sitolo. A Orrin adatsamwa ndi khofi, mnzawo n'kumawamenya pamsana.

"Ayi, ine ndikufunsa zoona," adatero atapuma. "Munthu wosazindikira Orrin pamtunda wa mikono iwiri, diso la mbedza amaliona bwanji?"

"Tasiya zimenezo. Nyambo zawo ukuziona wekha, zikuimabe." A Hotaling adatsamira pakauntala. "Ndikuthandize chiyani, mwanawe? Kapena akutuma nthenga? Ha! Tsiku limene a Velma Teed adzapemphe nthenga kwa ine, ndidzatseka sitolo n'kuitanitsa oimba malipenga."

Onse adadikira yankho akumwetulira. Mawu amene adawakonza njira yonse adabalalika. Adakweza dzanja lija pagalasi, n'kuloza chingamu.

"Chingamu basi? Mtunda wonsewu?"

Adagwedeza mutu, adalipira, n'kutembenuka.

Ali pakhonde adamva chitseko chikutsegukanso kumbuyo kwake. Adali a Hotaling, ndipo mawu awo adali atatsika.

"Noreen. Pakamwa pathu pasakuopse, ife ndi agalu okalamba, timangouwa. Azakhali ako ndi ine takhala tikunyozana kuyambira tili ana asukulu, koma denga lawo litagwa ndi chisanu anakwerapo ndine. Ndinaona pamene maso ako anali. Ngati pali chimene chasowa kunyumba, nena pano, azibambo aja sakumva."

Noreen adaima. Pawindo la sitolo adaona nkhope ya a Orrin ikusuzumira.

"Palibe, bambo," adatero. Adatsika masitepe n'kuyamba kuthamanga.

4. Sizasi

Lachisanu atachoka kusukulu adapeza azakhali ake atagona pasofa, kansalu konyowa kali kumaso. Mankhwala odontheza m'maso ankawapweteketsa mutu.

"Malizitsa, mwana wanga. Ine lero ndine mtembo."

Noreen adakhala patebulo yekha. Adapana kambedza. Adamanga mchira, adaimika mapiko, adakulunga thupi. Zonsezi zidalingana bwino lomwe. Kenaka adatenga chikopa chija, n'kutsitsa chala kupyola dazi, kufika pakati.

Nthenga imene adazula idali yokongola, yonyezimira ngati utsi. Ataipinda pafupi ndi mbedza, timinga take tidapitirira kutali. Idali ya mbedza zazikulu, za nambala 12.

Adaimanga. Tsinde lake lidali lonenepa, ndipo pozunguliza lidaunjikana pakhosi pa kambedzako. Atamaliza, kanyamboko kadaoneka ngati mwana wovala chikhoti cha bambo ake.

Sizasi idali pomwepo, kudzanja lamanja.

Adayang'ana kusofa. Azakhali ake ankapuma mofatsa. Adatenga sizasi, n'kuyamba kumeta mozungulira, pang'onopang'ono, monga wometa tsitsi achitira m'mbali mwa khutu. Tizidutswa totuwa tidagwera pasiketi yake.

Adakaponya patebulo. Kadaima. Adatambasula mkono n'kukayang'ana chapatali, ndipo sikadasiyane ndi tinzake.

Koyambako kadamutengera nthawi. Kachiwiri kadafulumirako. Pofika kumapeto sankayang'ananso kusofa.

Tizidutswa tija adatisesera m'mbaula. M'kabokosi adayala tometa pansi, tabwino tija pamwamba.

Dzuwa litapendeka azakhali a Velma adadzuka, n'kubwera akupapasa mipando.

"Bweretsa ndione."

Kuona kwawo kudali kwa mtundu wina. Ankatenga nyambo n'kuikhudzitsa pamlomo wawo wam'munsi, pamene khungu limamva ngakhale tsitsi limodzi. Noreen adasankha kamodzi ka pamwamba n'kuwaikira m'dzanja.

Adakayendetsa pamlomo, uku ndi uku.

"Kena."

Adawapatsa kena ka pamwamba.

Nkhope ya azakhali idamasuka. Sadali munthu woyamikira. Chiyambireni kuphunzira, mawu abwino amene Noreen adamvapo adali akuti "sizoipa kwenikweni."

"Dzanja lako lakhwima," adatero. "Bambo ako ndinawaphunzitsa mpaka kutopa, zala ngati masoseji. Iwe ndiye watengera ine. Tseka kabokosiko, tikadye."

Noreen adatseka.

Loweruka m'mawa pikapu ya a Sprague idaima pabwalo. Adali bambo wamtali, wa ndevu zaimvi, wodziwa mwala uliwonse wa mumtsinjemo. Ntchito yawo idali kutsogolera alendo kumene kuli nsomba.

"Tsegulani muone, a Harlan," adatero a Velma pakhomo.

"Nditsegule za chiyani? Za a Velma sititsegula." Adaponya kabokosiko m'thumba la jekete. "Wadzuka bwanji, Noreen? Ukuwathandiza kusesa azakhali?"

"Eya, bambo."

Galimoto idachoka. Noreen adakhala pakhonde mpaka fumbi litatha.

5. A Sprague abwerera

Adabweranso dzuwa likadalipo. Sadagogode kolimba ngati kale. Adalowa ndi majombo awo onyowa ofika m'chifuwa, chipewa chili m'manja.

"Mwafulumira," adatero a Velma. "Nsomba zanyanyala? Noreen, teleka khofi."

"Musavutike." A Sprague adaika kabokosi kaja patebulo. Adayang'ana Noreen, kenaka pansi. "Mwina mwanayu atuluke kaye."

"Ndi wa m'nyumba muno. Nenani."

Bamboyo adapuma mozama.

"M'mawa zinayenda. Tinapha zingapo zabwino, nyambo zina alendo anakoleka m'mitengo monga mwa chizolowezi chawo. Masana tizilombo tinatuluka tambirimbiri. Nsomba zimadya ngati paukwati, a Velma, dziwe lonse kuwira. Ndinagawira aliyense za pansi pa kabokosi. Kuponya koyamba, yaima. Kachiwiri, yapendama. Kachitatu, yamira. Ndinati mwina mlendo sadziwa kuponya, ndinatenga ndodo ndekha. Chimodzimodzi. Nsomba imabwera, kuyang'ana, kubwerera ngati yanunkhiza chowola."

A Sprague adapitiriza.

"Ndiye pali dokotala wina wa mano, amayenda ndi kagalasi kokuzira zinthu. Anatenga nyambo imodzi n'kuiyang'ana padzuwa. Anayamba kuseka. Akuti, a Sprague, nyambo zanuzi zimametetsa kuti, ndikufuna ndikametetseko inenso. Kagalasiko kanazungulira gulu lonse. Ine ndangoima m'madzi ngati chitsa, munthu amene ndinawauza m'mawa kuti nyambo ngati izi sangazipeze kwina kulikonse."

"Ndipatseni."

A Sprague adatola kamodzi n'kuwaikira m'dzanja. A Velma adakakweza n'kukakhudzitsa pamlomo. Adakayendetsa kamodzi kokha. Dzanja lawo lidaima pomwepo.

Noreen adali pafupi ndi mbaula, ketulo ili m'manja. M'nyumba monse munkangomveka madzi akudontha kuchokera m'majombo a a Sprague. Azakhali ake sadatembenukire kwa iye. Adangomudikira nthawi yokwanira munthu kunena mawu awiri.

Noreen adayang'ana ketulo.

"Ndine," adatero a Velma. "Ndinameta ndine."

"A Velma..."

"Maso anga sakusiyanitsanso nthenga yaing'ono ndi yaikulu. Ndinamanga, ndinamva kuti zatalika, ndinatenga sizasi. Ndimati simuzindikira."

A Sprague adapotokola chipewa chawo.

"Mukanangondiuza. Mukanati a Harlan, zing'onozing'ono zandikanika, bwenzi nditakazifuna kwina, zazikulu n'kumatengabe kuno. Ndani akanakunenani? Ukalamba si mlandu. Koma kumeta, inuyo? Inu amene munandibwezera nyambo yanga yoyamba pamaso pa anthu chifukwa mchira unatalika pang'ono?"

"Ndi momwemo."

"A kalabu anena kuti asiya. Zazikulu zomwe. Ndinayesa kuwakanira, koma ndikanira ndi chiyani, umboni uli m'manja mwawo? Ndipo Orrin anali pamlatho akuonerera. Pofika mawa kutchalitchi..." Sadamalize.

"Pitani bwino, a Harlan. Mwachita bwino kubwera nokha."

Bamboyo adavala chipewa n'kutuluka. Kabokosi kadatsala patebulo.

6. Pabwalo

Noreen adaika ketulo pansi.

"Azakhali, ndine ndina..."

"Ndikudziwa. Pakamwa patseguka tsopano?"

Misozi idayamba kutsika. Adafotokoza zonse mothamanga, za nthenga zoduka, za dazi, za kusitolo, za a Hotaling pakhonde. Chibadwire sadayankhulepo mawu ochuluka chotero nthawi imodzi. Azakhali ake adamvetsera, kanyambo kometa kaja kali m'dzanja.

"Lyle anakufunsa yekha," adatero pomaliza. "Anakutsatira panja n'kukufunsa."

"Eya."

"Ndipo dzulo unandisankhira zoti ndikhudze."

Noreen adapukuta misozi.

"Nthenga zoduka si kanthu. Ine ndinadula zodzaza pilo. Ndikanakukalipira mpaka madzulo, m'mawa n'kupita kwa Lyle ndekha, aitane malipenga akewo. Koma iwe unaona kuti kuchita manyazi pamaso pa madoda anayi n'kowawa kuposa kunyenga munthu wakhungu amene amakudyetsa. Anthu amati Noreen ndi wofatsa, Noreen ndi wamanyazi, ngati ndi ulemu. Manyazi otere si ulemu, mwana wanga. Ndi kudzikonda kovala diresi la kutchalitchi. Umateteza nkhope yako, ya mnzako ipse."

"Ndikawauza a Sprague. Sanapite, akuvula majombo."

"Ukawauza chiyani? Kuti Velma sanamete nthenga chifukwa Velma mbedzayo saiona n'komwe? Kuti chaka chathunthu akhala akugula ntchito ya mwana wasukulu m'kabokosi ka dzina langa? Pamenepo ndiye wanditsuka?" Adaseka kuseka kopanda chimwemwe. "Dzina langa lapita kale, ukanene usanene. Latsala ndi lako. M'chigwa muno wometa nthenga dzina limamutsata mpaka kumanda. Ine kumandako ndayandikira, ndilisenza ndine. Iwe ukadali ndi moyo wonse woti udye ndi zala zimenezo. Usaganize kuti ndakukhululukira. Ndangowerengera chimene chingapulumuke. Khala pansi."

A Velma adadzuka, n'kupapasa khoma kulowera kuchipinda. Pa mphuthu ya chitseko adagunda chipumi, chinthu chimene sichidachitikepo m'nyumba yawo yomwe. Sadadandaule. Adangoima, kenaka adalowa.

Kunja injini idalira.

Noreen sadakhale pansi. Adatsegula chitseko n'kuthamangira pabwalo, opanda jekete. Pikapu idali itayamba kubwerera m'mbuyo. A Sprague atamuona adaima, n'kutsitsa galasi.

"Bambo Sprague, ine..."

"Ndikudziwa, mwanawe, usalire. N'zowawa kuona munthu wotere akutha." Adapukuta ndevu zawo. "Uziwasamala. Usawaweruze ndi za lerozi. Munthu akayamba kumira amagwira chilichonse, ngakhale sizasi."

"Sizili choncho, bambo..."

"Tamvera, ndakhala ndikuganiza ndikuvula majombomu. Iwe wakulira patebulo limene lija. Sungalephere kutolapo kanthu, ndipo maso uli nawo. A kalabu akufuna munthu wina msanga, nyengo isanathe. Bwanji ntchitoyi isachoke m'nyumba muno? Undimangire ziwiri zitatu ndione. Nthenga ukatenge kwa Lyle, unene kuti ndakutuma ndine. Dzanja lako likakhala loongoka, ndikawauza kuti ndapeza mwana woona mtima, wosadziwa njira zachidule. Pakabokosi tidzalemba dzina lako, la azakhali ako tichotsepo."

Noreen adagwira chitseko cha galimoto. Chitsulo chidali chozizira.

"Ukuti bwanji? Ndidzere Lolemba ukachoka kusukulu?"

Kumbuyo kwake chitseko cha nyumba chidatseguka. Azakhali a Velma adaima pakhonde, dzanja lili pamzati, nkhope italoza kumene kunkamveka injini.

"Noreen! Lowa m'nyumba!"

A Sprague adayang'ana mayiyo, n'kuyang'ananso mtsikanayo, nsidze zitakwera.

Noreen sadachotse dzanja pachitseko.

"Bambo Sprague," adatero, "zimitsani kaye injini."